Zala za Patrona

Pamsika wa Lamlungu wa kumtunda kwa mzinda wa Toluca aliyense ankadziwa kuti Doña Nico sagulitsa nalimata sabata ya Mafumu Atatu. Ukanatha kuwanyengerera, kuwatchula mayina onse okoma, ngakhale kugwada pasimenti yozizirayo, iwo ankangokoka sholo yawo n'kunena kuti, "Mubwere kuyambira pa 7 Januwale." Anzawo a pamsika ankati mayiyu mutu wake suyenda bwino. Sabata imene makolo amakhuthula matumba osafunsa n'komwe mtengo, iwo ndiye ankabwera ndi mabokosi agalasi opanda kanthu, tinkhululu ta m'zitini ndi mphutsi zodyetsa ziweto zawozo, koma nalimata ngakhale mmodzi ayi.

Chifukwa chake chinali chakuti mphatso ya Mafumu, anzeru a kum'mawa aja amene ana amakhulupirira kuti ndiwo amawabweretsera zinthu, imayenera kubisidwa. Mwana amasiya nsapato yake pansi pa mtengo wa Khirisimasi, ndipo m'mawa wa pa 6 Januwale amayenera kupeza mphatsoyo pambali pake, ngati yangotsitsidwa kumene pa kavalo, ngamila kapena njovu ya Mafumuwo. Ndiye masiku awiri atatu a m'mbuyo mwake makolo amabisa katunduyo padenga kuseri kwa thanki yamadzi, m'buti ya galimoto, kapena kwa aneba. Chidole sichimva kanthu, njinga nayo siidandaula. Koma Januwale wa ku Toluca si wamasewera, madzi a mundowa amacha atauma gwa. Nalimata wa mawanga a kambuku ndi mwana wa kotentha, m'thupi mwake mulibe moto wakewake. Chaka china bambo wina anabwerera pa 7 atanyamula bokosi la nsapato, mwana wake ali pambuyo maso ali psu. Doña Nico sanatsegule n'komwe bokosilo, ndipo kuyambira tsikulo lamulo linakhala lamulo.

Dzina lawo lenileni linali Nicolasa Arzate. Anasoka mayunifolomu a ana asukulu pafakitale ina zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo pa moyo wawo sanalotepo kuti adzaweta abuluzi. Kumudzi kwawo ankati nalimata akakugwera m'mbale, chakudyacho utaye, mbale yomwe uphwanye. Koma anali ndi mwana mmodzi yekha, Eliseo, amene bambo ake anamusiya akukwawa n'kupita kwa mkazi wina ku Lerma. Mwanayo anali wa mphumu. Adokotala anati galu ayi, mphaka ayi, mbalame ayi, chilichonse cha ubweya kapena nthenga chisalowe m'nyumba. Eliseo ankakhala pawindo kuonerera agalu a anzake. Atakwanitsa zaka khumi, mnzawo wa kufakitale anawabweretsera kanalimata kachikasu, kotalika ngati chala, kali m'chitini cha majarini.

Mwezi woyamba Doña Nico ankakadyetsa ndi supuni yaitali yotakasira, atavala magolovesi ochapira, uku akupemphera chamumtima. Eliseo ndiye anakatcha Patrona, poti kankagona tsiku lonse ngati bwana, anthu n'kumakagwirira ntchito. Pang'ono ndi pang'ono magolovesi anavulidwa. Mwana akakhala kusukulu, mayi ake ndi amene anaphunzira kuti mchenga pansi pa bokosi n'ngoipa chifukwa nyamayo imaumeza, kuti tinkhululu timafunika kutiwaza kaufa koyera kolimbitsa mafupa, ndi kuti nalimata akamafundula uyenera kumuyang'ana kumapazi. Khungu lakale likatsalira pachala limauma n'kuthina ngati ulusi, magazi amasiya kuyenda, chalacho n'kuduka. Wosoka sasiya ulusi ukulendewera, choncho khungu silinatsalirepo pa chala cha Patrona.

Eliseo atafika zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anapita kumpoto, ku Houston, tsidya lina la malire a dziko, kukakhoma madenga. Analibe mapepala omuloleza kukhala kumeneko. M'mawa umene ankanyamuka anaima pafupi ndi bokosi nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, mundisungire. Ndibwera." Panadutsa zaka zisanu ndi zitatu. Fakitale inatsekedwa, Doña Nico anayamba kuswetsa analimata ena n'kumagulitsa, koma Patrona sanapondepo pamsika. Ankakhala m'chipinda cha Eliseo, pashelefu yakeyake, pansi pa bokosi lake pali kamphasa kamagetsi kotenthetsa kamene sikanazimitsidwepo.

Panali chinthu chimodzi chimene Doña Nico sankauza munthu. Maso awo anali atayamba ng'ala. Zinayamba ngati utsi wa m'khitchini, kenako nkhope za anthu zinasanduka mitambo yolankhula. Mu Ogasiti anapita kuchipatala mozemba, anapatsidwa pepala loti akabwerenso kuti akawachite opaleshoni, ndipo pepalalo analipinda kanayi n'kuliika pansi pa makina osokera. Mpeni wa adokotala sunkawaopsa kwenikweni. Chimene chinkawaopsa chinali chakuti achipatala ankafuna munthu wowaperekeza ndi kuwasamalira, nkhaniyo ikanafika kwa Eliseo, ndipo mwana ameneyo ankamudziwa bwino. Akanasiya nyundo padenga pomwepo n'kukwera basi. Munthu wopanda mapepala akawoloka kubwera kuno, njira yobwerera yatsekeka, zaka zake zisanu ndi zitatu zonse n'kupita pachabe.

Ndiye anabisa, ndipo anabisa mwaluso. Chikhalire ankauza wogula aliyense kuti, "Werengani zala musanalipire, phazi lililonse zisanu." Kale ankatero pophunzitsa. Tsopano ankatero kuti wogulayo awawerengere, ndipo palibe anazindikira kusiyana kwake. Koma Patrona analibe womuwerengera, chifukwa m'nyumbamo simunkalowa munthu. Doña Nico ankamupapasa mapazi ndi nsonga za zala zawo, zala zoti singano inaziumitsa kalekale, n'kudziuza kuti zonse zili bwino.

Lamlungu la pa 4 Januwale kunabwera bambo wina wamfupi, wovala ovolosi ya ogulitsa gasi, mwendo umodzi wa ovolosiyo utang'ambika mpaka m'bondo.

"Doña Nico ndi inu? Andiuza kuti analimata amawanga aja ndi kwa inu."

"Anakuuzaninso kuti mubwere kuyambira pa 7?"

"Andiuza. Koma tamvani kaye nkhani yanga, mayi."

"Aliyense ali ndi nkhani, bambo. Uyu wa masokosiyu alinso nayo, ndakhala ndikuimva zaka zinayi."

Bamboyo sanabwerere m'mbuyo. Anati dzina lake ndi Melitón, ali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, Yaretzi. Ana onse kalata yopita kwa Mafumu amaimangirira kubaluni n'kuiulutsa, ndipo kholo lililonse lanzeru limati "bwera ndikumangire bwino" n'kusuzumiramo mwachangu. Koma Yaretzi analembera kalata yake kubafa atakhoma chitseko, anaimata ndi guluu, ndipo bambo ake atatambasula dzanja anawauza kuti, "Atate, n'za Mafumu izi, si zanu." Baluni yofiira inanyamuka Loweruka masana popanda wamkulu aliyense wodziwa zimene zinalembedwamo.

"Ndiye munatani?"

"Ndinaithamangitsa, mayi. Ndi lole."

"Baluni?"

"Eya! Lole itadzaza masilinda. Azimayi akukuwa m'makomo kuti gasi, gasi, ine maso ali kumwamba ngati wamisala. Mwayi wake mwanayo anamangirirako siwiti yoti njovu ya Mafumu idye, baluni inalemedwa, imangoyenda m'munsimunsi. Inakakodwa pamlongoti wa TV padenga la anthu ena. Ndinagogoda, palibe munthu. Ndinakwera. Kunalibe munthu, zoona, koma kunali galu." Analoza mwendo wa ovolosi uja.

Wa masokosi anaseka mpaka kutsokomola. Doña Nico anayesetsa kuumitsa nkhope koma milomo inawapereka. Melitón anatulutsa kapepala kokwinyika n'kuwapatsa m'manja. Iwo anakagwira, anakatembenuza, anakabweza.

"Werengani nokha, magalasi ndaiwala kunyumba."

Melitón anawerenga mwapang'onopang'ono: "Okondedwa Melchor, Gaspar ndi Baltasar. Chaka chino sindinamenye munthu kupatula Brayan, koma anayamba ndi iye. Eni nyumba yathu salola galu kapena mphaka. Ndikupempha nalimata wa mawanga mmodzi. Sauwa ndipo sakodza pamasitepe. Musabweretse chidole. Mukalephera ndimvetsa koma ndidzalira."

Doña Nico anakumbukira kamnyamata kena pawindo, kakuonerera agalu a anzake.

"Ndikakupatsani lero, mukamubisa kuti mpaka Lachiwiri?"

"M'lole, pansi pa mpando. Ndimufunditsa jekete yanga, yaubweya."

"Jekete imafunditsa amene ali ndi moto wake m'thupi, bambo. Uyu ali ngati tortilla, kamkate kathu ka chimanga kaja, ukamuchotsa pachiwaya nsalu imangochedwetsa kuzizira. Mukufuna mwana wanu adzapeze mtembo pambali pa nsapato?"

"Ndiye nditani, mayi? Galu uja anandilumira chabe?"

"Muli ndi cholembera? Tengani pepala ili. Mulembe ndi dzanja lamanzere, mwana wochenjera chonchoyo zolemba zanu amazidziwa."

Melitón anawerama pathebulo, lilime lili panja, Doña Nico akumuuza mawu: "Yaretzi. Kalata yako tailandira, siwiti ija njovu yadya. Nalimata sakwera njovu, kunjaku kukuzizira. Nyumba yake ndi iyi. Uifunditse masiku awiri, kenako upite kwa Doña Nico ukasankhe wekha. Za Brayan tazimva, usabwerezenso. Ndine Baltasar." Anamusankhira bokosi lagalasi, kamphasa kotenthetsa, timbale tiwiri ndi mapale awiri a mphika wadothi obisalamo. Anamuuza kuti kamphasako akaike mbali imodzi yokha, kuti nyamayo ikatenthedwa izikhala ndi kothawira. Kenako anachita chimene sanachitepo kwa wogula aliyense, anamulongosolera njira ya kunyumba kwawo. Lamlungu lotsatira linali kutali kwa mwana amene analonjeza kulira.

Lachinayi masana lole ya gasi inaima pakhomo. Doña Nico anaona chinthu chofiira chikudumpha kuchokera m'lolemo, ndipo chinthucho chinayamba kulankhula chisanafike n'komwe pachitseko.

"Agogo, Baltasar mumadziwana naye bwanji? Amalemba moipa kwabasi."

"Yaretzi!" anatero bambo ake.

"Musiyeni, akunena zoona. Kasambe m'manja, iwe, sopo ali apo. Ukamaliza kugwira nyama udzasambenso."

Anawalowetsa m'chipinda cha Eliseo, mmene munali mofunda ndi mashelefu a mabokosi ang'onoang'ono, lililonse muli nalimata mmodzi yekha. Yaretzi anafunsa chifukwa chake sakhala ndi anzawo. Doña Nico anati mtundu umenewu sufuna anzake, ukawaphatikiza amalumana michira. Anafunsa ngati amadya tortilla. Ayi, tizilombo tamoyo tokha. Anafunsa ngati amaluma.

"Ukamuchita chipongwe amaluma, ngati iwe ndi Brayan. Khala pansi. Pamphasapo, osati pampando, kuti akadumpha asagwe patali."

Anatsitsa mabokosi atatu. Anaphunzitsa mwanayo kusankha monga ankaphunzitsira aliyense, koma mosafulumira. Mchira ukhale wonenepa, chifukwa mchira ndiye nkhokwe yake, wowonda mchira ndi wodwala kapena wosadya. Maso akhale otseguka, opanda manthongo. Poyenda azinyamula mimba, asamaikoke pansi. Usamugwire kuchokera pamwamba ngati kabawi, yala dzanja akwere yekha. Ndipo mchira usaugwire, ngakhale akuthawa, ngakhale nyumba ikupsa, chifukwa amaudula n'kukusiyira m'manja, wophukanso sukhala wokongola ngati woyamba.

"Chomaliza, uwerenge zala. Phazi lililonse zisanu."

Yaretzi anawerenga mokweza, mphuno ili pafupi ndi galasi. Woyamba zinakwana, wachiwiri zinakwana. Atayala dzanja, kachitatu kanalira kuti tswii n'kuthawira pansi pa phale. Ena awiriwo anakwera padzanja n'kudutsa ngati akuthamangitsidwa. Mwanayo anaoneka wokhumudwa pang'ono.

"Ana a nalimata amatero, amazolowera pakapita miyezi," anatero Doña Nico. "Dikira ndikuonetse mmene wamkulu amakhalira."

Anatsegula bokosi lalikulu la pakona, analowetsa dzanja, ndipo Patrona anakwera mwaulesi ngati mayi wolemera akukwera takisi. Anali wachikasu chofuwirira, mawanga ake atazimirira ndi ukalamba, mchira uli nenepe. Anamuika pamkono wa juzi yofiira ija. Patrona anayenda pang'ono, ananyambita diso, anakhazikika pachigongono n'kutsinzina. Yaretzi anaumitsa mkonowo, osaugwedeza n'komwe.

"Uyu sagulitsidwa, ngwa mwana wanga. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamkulu kuposa iwe kawiri. Wafundula kosawerengeka m'nyumba muno, ndipo sanatayepo chala ngakhale chimodzi."

Sakananena zimenezo kwa mwana amene anali atangomuphunzitsa kuwerenga. Yaretzi anaweramitsa mutu.

"Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi..." Anaima. "Agogo, phazi lakumbuyoli zilipo zinayi ndi kachidutswa."

"Werenganso bwino."

"Ndawerenga kawiri. Ndipo chapafupi chakecho chavala kasokosi koyera. Kathina, chalacho chatupa."

"Yaretzi, si ulemu umenewo," anatero Melitón motsitsa mawu.

Doña Nico anamutenga Patrona m'manja awiri n'kupita naye pawindo. Anamuyandikitsa kumaso mpaka mphuno yawo inakhudza khungu lake lofunda. Anatsinzina diso limodzi, anayesa linalo. Anangoona chikasu chosalongosoka, ngati dzira loswekera m'madzi. Anapapasa phazilo ndi chala chachikulu ndipo sanamve kanthu, monga mmene sanamvere kanthu miyezi yonse yapitayo. Mtima unawawawa kwambiri, ndipo manyazi anawagwira kuposa tsiku limene mwamuna wawo anachoka. Mwana wawo anawasiyira chinthu chimodzi chokha padziko lapansi, ndipo chinthucho chinaduka chala ali nacho m'nyumba, akuchisisita tsiku ndi tsiku.

Melitón anayang'ana magalasi amene anali pamphuno pa mayiyo. Anakumbukira kalata imene anauzidwa kuti awerenge yekha, ndi ina imene anauzidwa kuti alembe yekha. Anavula chipewa n'kumangochipotokola m'manja.

Mawu okalipa anali atafika kale pakhosi pa Doña Nico. Akanatha kunena kuti mwanayo ndi wabodza, kuti asankhe wake azipita. Koma chala chinacho chinali chikadali chomangika, ndipo bodza silikanachimasula.

"Sindikuona, mwanawe," anatero. Kanali koyamba kuzinena mokweza. "Maso anga anatha. Kasokosi ukunenako kafika pati?"

"Chala chonse, agogo. Koma kunsonga kukadali kofiirira."

"Sikunade?"

"Ayi."

"Ndiye chikadali chamoyo. Bambo Melitón, musangoima ngati silinda. Pachitofu pali ketulo. Thirani m'kambale madzi ofunda ngati osambitsira khanda, muyese ndi chigongono. Akhale ochepa, ongomiza mapazi."

Anamukhazika Patrona m'kambalemo, dzanja lawo lili pamsana pake. Yaretzi anafuna kuyamba pomwepo koma anamuletsa, khungu linayenera kufewa kaye. Anadikira. Panja mayi wina anaona lole n'kuyamba kukuwa kuti gasi, ndipo Melitón kwa nthawi yoyamba pa ntchito yake anakhala ngati sanamve. Itakwana nthawi, Doña Nico anapatsa mwanayo kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga.

"Unyowetse. Usakoke, uzingokunkhuniza kuchokera kuphazi kupita kunsonga, ngati ukuvula sokosi ya mwana wogona. Bambo ako aunike ndi foni."

"Sikakuchoka, agogo."

"Nyowetsanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwana wolongolola uja anaweramira phazilo, lilime lili panja ngati bambo ake. Doña Nico sankaona chilichonse cha zimene zinkachitika pansi pa dzanja lawo. Ankangomva kupuma kwa mwanayo ndi kugunda kwa kamtima ka Patrona pachala chawo. Kenako Yaretzi anakuwa mpaka Patrona anadzidzimuka.

"Kachoka! Atate, taonani, kachoka konse! Chala chikugwedezeka!"

Anawaikira Doña Nico kakhunguko pachikhatho. Kanali kopepuka moti sanakamve n'komwe, koma anafumbata dzanjalo. Anamupukuta Patrona ndi kansalu n'kumubwezera pamkono wa mwanayo, iwo n'kukhala pabedi la Eliseo.

"Chabwino," anatero Doña Nico. "Baltasar anati usankhe wekha. Ana atatu aja ali apo, onse n'ngabwino."

Yaretzi anayang'ana mabokosi aja, anayang'ananso pachigongono pake.

"Ndikufuna uyu. Enawo akunjenjemera ngati Brayan."

"Ndakuuza kuti si wanga."

"Ndiye mufunseni mwini wakeyo. Akafundulanso amuvula masokosi ndani?"

Doña Nico anatulutsa foni m'thumba la epuloni, anaipereka kwa Melitón kuti awapezere dzina, n'kuiika kukhutu. Inaitana nthawi yaitali. Eliseo atayankha kunkamveka nyundo ndi mphepo.

"Amayi? Lero si Lamlungu. Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Ndi Patrona. Waduka chala chimodzi, chakumbuyo. Khungu linatsalira, ine sindinalichotse. Ndakulakwira, mwana wanga. Pano pali kamtsikana kena kamene..."

"Dikirani kaye." Nyundo zija zinamveka zikutalikira, ngati wapita mbali ina ya denga. "Amayi, mwasiya liti kuona?"

"Wanena za maso ndani? Ine ndikunena za chala."

"Inu munkaona ulusi wolendewera pakolala ya mwana wa eni ake ali tsidya lina la msewu. Munkandiimitsa pakhomo chifukwa cha batani. Chala cha Patrona simukanachiphonya. Mwasiya liti?"

Doña Nico anavula magalasi opanda ntchito aja n'kupukuta m'maso ndi sholo.

"Chaka chatha. Ndi ng'ala chabe. Akuti amachotsa."

"Ndikubwera."

"Ukayerekeza! Ukaponda pakhomo pano ndikuthyola miyendo yonse iwiri, ukumva? Ndabisa chaka chathunthu kuti iwe usachite zopusazo."

"Ndiye mupite kuchipatala. Mukapanda kupita pofika sabata yamawa, ndikwera basi, muthyole miyendoyo."

"Ndipita ndi ndani? Akufuna wondiperekeza."

Melitón anatsokomola. "Lolemba m'mawa ndimadutsa cha komweko, mayi. Ngati simuchita manyazi kufika kuchipatala pa lole ya gasi. Akazi anganso Lolemba sagwira ntchito, akhoza kukhala nanu."

"Ameneyo ndani?" anafunsa Eliseo.

"Wina wake amene amathamangitsa mabaluni. Ndidzakufotokozera Lamlungu. Mwana wake ndi amene akufuna Patrona."

"Mpatseni foni."

Yaretzi analandira foni ndi dzanja limodzi, mkono winawo atauumitsa kuti asadzutse wogonayo. Anamvetsera nkhope ili yamphamvu, akungoti eya, eya, ndikudziwa, mchira ayi, agogo andiuza kale. Kenako anati, "Chabwino," n'kubweza foni.

"Wati chiyani?" anafunsa Doña Nico atamaliza kutsanzikana ndi mwana wawo.

"Akuti sakundipatsa. Akuti ndiwasungire, abwera."

Doña Nico anadzuka n'kuyamba kufunafuna kabokosi koboola timabowo. Anatuma Melitón kukagula tortilla zotentha pakona, ndipo atabwera nazo anazikulunga m'nsalu kawiri, anaika kabokosi ka Patrona pamwamba pake, n'kumanga zonse m'sholo yawo kuti asazizidwe panjira. Anawonjezera phale lakale la Patrona, chitini cha tinkhululu ndi kaufa koyera kaja. Analamula kuti masiku atatu oyamba asamugwire, azolowere kaye nyumba. Analamula kuti pansi pa phale limodzi pazikhala kansalu konyowa nthawi zonse, madzi akumwa azisinthidwa m'mawa uliwonse, ndiponso kuti tortillazo akadye, asataye. Analamula zambiri, zina kawirikawiri, chifukwa ankadziwa kuti akasiya kulankhula alendowo anyamuka.

Anaima pakhomo lole ikulira. Anaona chofiira chija chikukwera, chitafungatira mtolo pachifuwa. Lole itayamba kuyenda, mawu anatuluka pawindo.

"Agogo! Ndizimuwerenga zala tsiku lililonse! Ndizidzakuuzani!"

Anabwerera m'chipinda cha Eliseo. Anapapasa khoma mpaka anapeza pulagi ya kamphasa ka pansi pa bokosi lalikulu, anaigwira kanthawi, n'kuisiya momwemo. Kenako anapendeketsa makina osokera, anasolola pepala lopindidwa kanayi lija, n'kukalitsamiritsa ndi botolo la mchere pathebulo, pamalo pamene Lolemba m'mawa dzanja lidzalipeze lokha.